Fumbi Losayetsemulitsa

Chimphepo cha Lachiwiri usiku
chinasasula mbali imodzi ya denga la Sitandade 4,
malata otuwa aja, okhuthala ngati chigoba cha fulu,
amene anakhomedwa ine ndisanabadwe.
M'mawa ndinapeza zibenthu zili mbwee pabwalo,
ndipo Mainala, mwana wa a Zuze a kabaza,
anali atasankhapo kale chosalala
choponyera phada.

Tinkalikonda dengalo, ndisaname.
Kuno ku Ngabu Okutobala akafika,
makande akang'ambika mpaka kumeza phazi,
makalasi a malata achitsulo amasanduka uvuni,
ana n'kumawodzera, thukuta lili chuchuchu.
Koma Sitandade 4 inkapuma.
Aphunzitsi tinkalimbirana chipindacho
ngati mthunzi wa bwemba pa msika wa ng'ombe.

Lachinayi kunabwera mayi Alufazema a zaumoyo.
Mpando anaukana.
Anawerama, manja kumbuyo, nati:
Uyu ndi asibesitosi.
Akakhala wathunthu amagona ngati ng'ona yokhuta.
Mukamuswa, mukamuboola, mukamupala, mwamudzutsa.
Fumbi lake silinunkha, siliyetsemulitsa,
ndi timaulusi tolowa limodzi ndi mpweya
n'kukamanga msasa m'mapapo,
zaka makumi awiri, atatu, tili phee,
kudikira kuti mwanayu adzakhale ndi ana ake.

Pamenepo ndinakumbuka matsache.
Lachitatu ndinawasesetsa ndine,
fumbi lili koboo,
ine chiimire pakhonde ndikuti
changu, changu, belu lalira!
Ndinakumbukanso chaka chatha
a Fombe akuboola dengalo kuti adutsitse waya wa sola,
ufa woyera ukuwagwera m'mutu,
ife tikuseka kuti amera imvi tsiku limodzi.

Tinakhoma loko pachitseko.
Tinazunguliza chingwe cha ngolo kuyambira pa mjigo mpaka pa mbendera.
Osasesanso, anatero mayiwo, osanyamula ndi manja.
Wazani madzi pang'onopang'ono, fumbi ligone,
mpaka adzafike ovala zophimba kumphuno
odzakulunga zonse m'mapulasitiki ochindikala, kawiri.
Kalata yapita kuboma.
Aliyense akudziwa mayendedwe a kalata.

Madzulo ndinalowa m'mudzi kulondola zibenthu zosowa.
China chinali chitafolera khola la nkhunda.
China chikuvindikira mtsuko.
Chachitatu ndinachipeza pa mafuwa, akukazingirapo chimanga.
Mwini wake anandiyang'ana nthawi yaitali:
Aphunzitsi, madzi osefukira ndinawaona, ananditengera mbuzi zisanu.
Kolera ndinamuona, ananditengera mlongo wanga.
Nanga ichi chosaoneka,
chodzapha munthu atakalamba kale,
ndichiope bwanji lero?
Ndinasowa mawu a mphunzitsi.
Ndinangoti, ndipatseni, ndikubweretserani chiwaya cha kwathu.

Tsopano Sitandade 4 ili pansi pa mtengo wa nimu.
Bolodi tatsamiritsa pa tsinde,
mthunzi ukasuntha nafenso tisuntha,
mathirakitala akadutsa phunziro liima.
Komiti ikuwerengera mtengo wa malata atsopano, achitsulo,
omwe adzatiwotche,
ndipo palibe akutsutsa.

Usiku wa Lachisanu ndinatenga kaundula,
ndinalemba tsiku, ndi mayina a onse amene anagwira tsache,
makumi anayi kudza mmodzi,
la a Fombe, langa pamapeto.
Ndinaika pepalalo m'kabati, pansi pa masatifiketi,
kuti wina, ine nditapuma ntchito kalekale,
akadzafunsidwa ndi dokotala, adzapeze poyambira.

Mainala akuponya phada ndi phale la mphika.
Akuti silitsetsereka bwino.
Dzulo anandifunsa kuti tibwerera liti m'chipinda chozizira chija.
Ndikulemba masamu pa bolodi,
kumbuyo kwanga wina watsokomola.
Ndi fumbi la ngolo chabe, ndikudziwa,
anandiuza kuti linalo silifulumira chotero.
Koma choko chaima,
ndipo ndacheuka.